Ndinkati Kompyuta Ilibe Kaboni

1

A Petulo Chadzunda anandilakwira ine, Elifala Kamphinda, Lolemba pa 4 Novembala 1996, nthawi ya tiyi, anthu asanu ndi mmodzi akuonerera. Ananyamula taipi yanga pa tebulo pomwe inakhala zaka makumi awiri ndi ziwiri n'kukaiika pamwamba pa kabati, pafupi ndi nyali yakufa ndi mbendera ya chipani chakale.

"Madala," anatero akudzipukuta m'manja, "nthawi yasintha. Kuyambira lero mukhala mesenjala. Miyendo ikadali yolimba eti?"

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, sindibisa. Koma pa Ntchisi Boma panalibe wondiposa kutaipa. Ofesi yathu inali ya bungwe la alimi, dzina lake ndisunga. Makalata anga ankafika ku likulu ku Lilongwe opanda pofufuta ngakhale pamodzi, mapepala atatuatatu, kaboni ali pakati. Munthu ankati akangoona kalata n'kunena kuti, "Ili ndi dzanja la Elifala."

Ndiye kunabwera matipate. Anatiuza kuti tamasuka. Chomwe ndinaona ine n'chakuti azungu othandiza anachuluka ngati ngumbi za mvula yoyamba, ndipo aliyense wovala tayi anasanduka katswiri. Mwezi wa Ogasiti 1996 anatitumizira kompyuta. Inabwera pa mpando wakutsogolo wa galimoto itamangidwa lamba, mlangizi wathu wamkulu atakhala kumbuyo pamodzi ndi matumba a feteleza. Anaipatsa chipinda chakechake, kapeti ndi fani. Ine zaka zonsezo ndinkadzikupiza ndi envelopu.

Bwana wathu a Petulo anali atapita ku maphunziro a masiku atatu ku hotela ina, ndipo satifiketi anaipachika pakhoma. Anabwerako ndi malamulo awiri: polowa m'chipindamo uzivula nsapato, ndipo wachimfine asayandikire chifukwa makinawa amagwidwa mavairasi. Poyatsira pake ndiye sanawaphunzitse. Miyezi itatu kompyuta inakhala itafunda chitenje ngati namwali wa m'tsimba, makalata onse ndikutaipa ndine.

Lolemba limenelo ndi pomwe anabwera naye munthu wodziwa kuyatsa. Chitseko chinatseguka, munthuyo n'kuvula nsapato pakhomo mwaulemu. Anali Anjelina, mwana wanga woyamba.

2

Za makompyutazi ine ndinali nditazikana kale kunyumba. Anjelina anakhoza Folomu 4, n'kukwatiwa ndi Elia, mphunzitsi wa pulayimale ku Malomo, ndipo anali ndi mwana mmodzi, Tamanda. Tsiku lina Lamulungu anabwera n'kundigwadira.

"Abambo, ku Lilongwe kuli sukulu yophunzitsa makompyuta. Miyezi isanu ndi umodzi basi."

"Kanema wopanda anthu uja?" ndinatero. "Mwanawe, zimenezo n'zongobwera, zipitanso. Taipi siifuna magetsi. Ukafuna ntchito bwera ndikuphunzitse ine, ulere."

Koma kwathu kuno mwana ndi wa amalume ake. Alamu anga a Andireya, mlimi wa fodya kufupi ndi Mponela, atamva anangoseka.

"Alamu, inu ndi tambala wobwereka. Munalira, kunacha, ntchito yanu inatha. Mwanayu apita."

Anapitadi. Zoti wafunsira ntchito pa ofesi yathu palibe anandiuza, ngakhale amake omwe ndimagona nawo nyumba imodzi. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti mdani sachokera kutali.

Lolemba lija titaweruka Anjelina anandipeza ndikupopa njinga ya ofesi, n'kugwada.

"Abambo, sindinadziwe kuti akuchotsani pa taipi. Anandiuza kuti tizigwira limodzi."

"Dzukani madamu, mungadetse siketi," ndinatero. "Muli ndi kalata yoti ndikapereke?"

Analira. Ine ndinapitiriza kupopa mpaka tayala linatsala pang'ono kuphulika.

3

Umesenjala ndi ntchito yoti aliyense amakutuma, ngakhale wophika tiyi. A Petulo ankandiitana ndi belu. Ankandituma ku positi, kumsika kukagula nyama ya kwawo, tsiku lina mpaka kukafunafuna galu wawo. Lipoti lililonse lomwe Anjelina ankatulutsa, loyera ngati la m'buku, ankalisayina ndi dzanja lotambasuka, ku likulu n'kumawayamikira kuti Ntchisi yatsogola pa zamakono.

Anjelina sanandisiye. Nthawi ya nkhomaliro, anthu onse akatuluka, ankandikokera m'chipinda chija.

"Abambo, makinawa salanda ntchito munthu wodziwa kulemba. Zala zanu n'zachangu kuposa zanga. Mukangodziwa polowera, bwana adzachita manyazi."

Ndinavula nsapato, sokosi zanga zobooka zili poyera, n'kukhala pansi. Anandionetsa poyatsira. Anandiuzanso mawu achinsinsi otsegulira, omwe anali dzina la mdzukulu wanga.

"Kusukulu anatiletsa kuuza munthu mawu amenewa, ngakhale mwamuna wako," anatero akuseka. "Koma inu ndinu abambo anga."

Mabatani anali pomwe ali pa taipi, kungoti ofewa ngati mkate. Tsiku lachitatu ndinalemba tsamba lathunthu, magetsi n'kuthima monga amachitira pa Ntchisi mphepo ikangowomba. Atayakanso, tsamba langa kulibe.

"Ndinakuuzani chiyani, abambo? Mukalemba mizere itatu, dinani apa, sungani. Mizere itatu, sungani. Ikakufunsani dzina, lembani lanu ndi nambala."

Anandibwerezetsa ngati mwana wa Sitandade 1 mpaka chala chinazolowera chokha. Ntchito yanga yoyamba inali ELIFALA1, yachiwiri ELIFALA2, choncho basi. Ine ndinkamva kuti kusungako ndi mankhwala a magetsi, kuti zolemba zisathawe usanazitulutse pa pepala.

"Nanga kaboni amalowa pati?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Mulibe kaboni, abambo. Mukafuna mapepala khumi, pulinta ikulavulirani khumi."

"Riboni?"

"Mulibenso. Ndi inki chabe."

"Ndiye kalata ya ine ndi kalata ya iwe zimaoneka chimodzimodzi?"

"Ngati mapasa."

Ndinafunsanso kachiwiri sabata yotsatira, ndipo yankho linali lomwelo.

4

Chaka chitatembenuka, Anjelina anapezeka pamphambano. Mwini sitolo ina pa Mponela, yemwe anagula makompyuta awiri ndi makina okopera mapepala, ankamufuna. Nthawi yomweyo ku likulu kunamveka zoti atumiza munthu mmodzi ku kosi ya miyezi isanu ndi inayi ku Blantyre, yophunzira kukonza makompyuta ndi kuwalumikiza kuti azilankhulana.

"Kutaipa aliyense adzadziwa, abambo," anandiuza. "Zaka zisanu zikubwerazi ngakhale ana a sukulu azidzataipa. Koma makina akafa adzafuna munthu wotsegula m'mimba mwake. Ine ndikufuna ndikhale ameneyo. Kungoti bambo ake a Tamanda akudandaula kuti kuno sanandipatse kalata ya ntchito. Akuti ndiifunse kaye."

"Kalata ya chiyani? Bwana akanena wanena," ndinatero. "Ukayamba kufunsa mapepala adzati ndiwe wamwano. Ntchito ya mu ofesi ndi ya ulemu. Kusitolo uzikapikisana ndi ogulitsa sopo?"

Anandimvera. Ndi malangizo okhawo omwe anandimvera m'moyo wake.

A Petulo poyamba ankafuna kosiyo ikhale yawo, koma atamva kuti kuli mayeso olowera anakumbukira kuti iwo ndi munthu wokonda kutukula amayi. Lachinayi pa 20 Febuluwale 1997 anamutenga Anjelina pa galimoto ya ofesi kupita ku Lilongwe kukalemba mayesowo. Makiyi a ofesi anandisiyira ine. Pobwerera mvula inawatsekera pa Mponela, msewu wa ku Ntchisi utasanduka phala. A Petulo ndi dalaivala anagona ku nyumba ya alendo, Anjelina anakagona kwa amalume ake. Anafika Lachisanu masana, matope mpaka m'magalasi.

Mayeso anakhoza. Anaposa amuna khumi ndi mmodzi.

5

Patatha sabata ziwiri kunabwera amuna awiri a masuti kuchokera ku likulu. Anatisonkhanitsa tonse m'chipinda cha kompyuta, wamkuluyo n'kutulutsa kalata yopanda dzina yomwe analandira.

"Bwana wa ku Ntchisi," anawerenga, "wasandutsa chipinda cha kompyuta kukhala chogona. N'chifukwa chake anaikamo kapeti ndi fani, n'kuletsa anthu kulowamo. Mtsikana wa pa kompyutayo anamulemba ntchito osati chifukwa cha satifiketi ayi. Tsopano akumutenga pa galimoto ya alimi kukagona naye m'matauni. Kodi demokalase tinavotera ija ndi imeneyi? Ndine, Mlimi Wokhudzidwa."

Anjelina anakhala ngati wathiridwa madzi ozizira. A Petulo anatuluka thukuta ngakhale fani inali kuzungulira.

Anatifunsa mmodzimmodzi. Ine ndinati, "Ndine mesenjala, bwana. Ndimaona maenvelopu, zam'kati sindiona."

Wamng'onoyo anakwera pa mpando n'kusuzumira taipi yanga pamwamba pa kabati. Inali ndi fumbi ndi ndowe za mphemvu.

"Si iyi," anatero. "Kalatayi yalembedwa pa kompyuta. Ameneyu ndi munthu wophunzira, mwina wa ku likulu komwe, wansanje ndi kosi ija."

Kompyuta inali pomwepo ikuwayang'ana, koma onse awiri anaizungulira ngati chitsa cha njuchi. Nawonso anali a masiku atatu ku hotela.

Chigamulo chinabwera mwezi usanathe. Umboni sanaupeze, koma anati dzina la bungwe ladetsedwa pamaso pa azungu. A Petulo anawasamutsira ku Lilongwe kuti aziwayang'anira pafupi, ndipo poti ku likulu kunalibe mpando waung'ono wopanda munthu, anawapatsa waukulu. Anjelina anamuuza kuti asabwerenso. Atafunsa za ufulu wake anamuyankha mwaulemu kuti m'mafayilo mulibe pepala losonyeza kuti analembedwapo ntchito. Ku kosi kunapita mphwake wa munthu wina.

6

Nkhani yoipa ili ndi njinga yake. Inafika ku Malomo Anjelina asanafike. Elia anaimva kwa aphunzitsi anzake, mayi ake anaimva ku chigayo, ndipo Loweruka lotsatira ankhoswe anakhala pansi. Ine ndinapita ngati bambo, wongomvera.

"Mwanayu anagona kwanga," anatero a Andireya akumenya pansi ndi ndodo. "Mphasa ndinayala ndi mkazi wanga. Mukufuna ndikaitenge mphasayo?"

"Inu ndi malume ake, munganene chiyani china?" anayankha nkhoswe ya kuchimuna. "Utsi sufuka popanda moto. Munthu sangawononge sitampa pachabe."

Nthawi yonseyo maso a Elia anali pansi. Ndi mnyamata wofatsa, woimba kwaya, koma wofatsa akakhumudwa amauma ngati mtengo wa muwanga. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Apongozi, inu mumagwira nawo ntchito. Chipindacho mumachidziwa. Ndiuzeni inuyo, ndikhulupirira."

Ndinaimirira. Ndinalankhula bwino tsiku limenelo, anthu mpaka lero amanena.

"Wolemba kalatayi ndi mfiti," ndinatero. "Ndi njoka yopanda manyazi. Mulungu adzamuona."

"Zimenezo ndamva, apongozi. Koma ndikufunsa kuti n'zoona kapena n'zabodza?"

"Mwana wanga ndinamulera bwino," ndinatero. "Koma a Petulo aja sindingawaikire kumbuyo. Ndi munthu woipa kwambiri."

Anjelina anandiyang'ana. Sanalire. Ndinaganiza kuti watopa chabe.

Banja linatha tsiku lomwelo. Anati apatukane kaye mitima izizire, koma tonse tikudziwa kuti kaye wa ankhoswe amatha zaka.

7

Lachiwiri lotsatira Anjelina anandipeza pa positi ndikumata masitampa. Anali ndi Tamanda kumbuyo ndi chikwama chimodzi, akudikira minibasi ya ku Mponela. Anandiitanira kuseri kwa nyumbayo, n'kugwada monga mwa masiku onse, n'kundipatsa envelopu ya khaki ndi manja awiri. M'kati munali kadisiketi kakuda, kaja timalowetsa m'kompyuta.

"Kaboni wanu uyu, abambo."

"Kaboni wa chiyani?"

"ELIFALA9. Ndinaipeza tsiku lomaliza, ndikusanja mafayilo oti ndisiyire wobwera. Inu ndi ine tinalekezera pa 8. Yalemba ndi tsiku lomwe, Lachisanu pa 21 Febuluwale, 9 koloko m'mawa, ine ndili m'matope pa Mponela."

Owerenga, kalata ija ndinalemba ndine.

Mverani kaye musanandiponye miyala. Ine ndinakulira m'boma la chipani chimodzi. Masiku amenewo kalata yopanda dzina inali mfuti ya munthu wosauka. Ndinaonapo mkulu wa sukulu wina akutengedwa pa galimoto chifukwa cha mizere isanu, ndipo palibe anafunsa za mkazi yemwe anatchulidwamo. Wamkulu ndiye ankagwa. Ndinkadziwanso momwe olemba ankagwidwira: apolisi ankatenga kaboni n'kumuyang'ana padzuwa, kapena kufunyulula riboni, kapena kuzindikira dzanja la taipi. Ndiye nditamva kuti kuli makina opanda kaboni, opanda riboni, opanda dzanja, ndinati Mulungu wandikumbukira. Ndinatsegula ndi dzina la mdzukulu wanga. Ndinatulutsa pepala limodzi lokha, ndinathimitsa makina, ndinafunditsa chitenje, ndinayang'ana ngakhale m'bini. Za mizere itatu ija sindinaziganize n'komwe. Chala chinkadina chokha, ndipo makina atafunsa dzina chinayankha monga chinaphunzitsidwira.

Ine ndinkalasa Petulo. Mtsikana wa pa kompyuta ndinamuikamo ngati mchere chabe, kuti nkhani ikome.

"Unali utadziwa kale pa tsiku la ankhoswe lija?" ndinafunsa.

"Ndinadziwa. Ndimadikira kuti mwina munena nokha."

"Wauza ndani?"

"Palibe. M'makinamo ndafufuta, katsala ndi aka kokha. Ndikanapita nako ku likulu mwina bwenzi ndili ku Blantyre, inu muli kumudzi anthu akukulozani ndi milomo. Bambo ake a Tamanda atakaona angandikhulupirire. Ali ndi mnzawo pa Mponela amene angawatsegulire. Koma sindingakanyamule ine. Mwana sakokera bambo ake pabwalo."

Anadzuka n'kukonza nsalu ya mwana.

"Inu ndinu mesenjala, abambo. Ku Malomo mumakudziwa. Kaperekeni."

Minibasi inaliza hutala. Tamanda anandibayibitsa.

8

Tsopano ndilankhule ndi inu achinyamata amene mwadzaza m'masukulu a makompyuta m'tauni, poti ndikumva kuti aliyense akufuna ntchito imeneyi chaka cha 2000 chisanafike. Ine ndine mbuli, koma mbuli yolumidwa imadziwa pomwe pali mano.

Musalowe ntchito ndi mawu apakamwa. Bwana akamwetulira mufunseni kalata yosayinidwa, ndipo wokuuzani kuti kufunsa pepala ndi mwano mumuyang'anitsitse, ali ndi chake. Musalekezere pa kutaipa, phunzirani kutsegula m'mimba mwa makinawo, mwana wanga ananena zoona. Mawu achinsinsi aja musauze munthu, ndipo ndikati munthu ndikuphatikiza amene anakuberekani. Mukapeza ntchito pomwe pali m'bale wanu wamkulu, funsani kaye kuti mpando mukukhalirawo unali wa yani. Ndipo inu anzanga a imvi amene mwaphunzira theka, dziwani kuti theka ndi loopsa kuposa umbuli. Makinawa saiwala, ndipo sadziwa kuti uyu ndi wamkulu tim'bisire.

Ena mwa inu munena kuti wolakwa ndine. Nenani. Koma akanapanda a Petulo kuika taipi yanga pamwamba pa kabati, pamaso pa anthu, bwenzi zonsezi kulibe. Mpaka lero sanandipepese. Ndinawaona mwezi wathawu akudutsa pa Mponela pa galimoto yatsopano, kompyuta yaing'ono yonyamula m'manja ili pa mpando wakutsogolo. Ndikukayika ngati akudziwa poyatsira.

Anjelina ali pa sitolo ija. Malo abwino anapeza atatengedwa, ndiye amakopera anthu mapepala ndi kuwataipira makalata ofunsira ntchito. Pulinta ikafa amaitsegula yekha ndi sikuludilaiva, popanda satifiketi. Pa Khirisimasi amanditumizira shuga ndi sopo. Akabwera kumudzi amandigwadira, amandifunsa za miyendo, za china chija safunsa.

Ku Malomo ndapitako kasanu ndi kawiri chichitikireni zimenezi, pa ntchito za ofesi. Kawiri ndinanyamula envelopu ija m'thumba la jekete. Ulendo woyamba ndinapeza Elia ali m'kalasi, ndinati ndisasokoneze ana. Ulendo wachiwiri kunkabwera mvula.

Elia anakwatira wina mwezi wa Seputembala chaka chatha. Amake Anjelina amapempherabe kuti Mulungu aulule mfiti inalemba kalata ija, ndipo ine ndimayankha ameni. Kadisiketi kali pansi pa sutikesi yanga, m'kati mwa sokosi. Maina onse a m'nkhaniyi ndawasintha.